Belu Lomwe Linalira Nthawi Isanakwane

ZOKAMBIRANA ZA MSONKHANO WAPADERA WA KOMITI YA MAKOLO NDI APHUNZITSI

Tsiku: Loweruka, 14 Marichi 2026
Malo: Chipinda cha aphunzitsi, poti mu ofesi ya Aphunzitsi Aakulu mipando ndi yosakwana
Nthawi yoyambira: 9 koloko m'mawa

Amene analipo: Wapampando (bambo opuma pa ntchito ya sitima), Wachiwiri kwa Wapampando (mayi a saluni), Msungichuma (a Butchala), Aphunzitsi Aakulu, Mlembi (a Telala), amene akulemba zino.

Oitanidwa: Aphunzitsi a kalasi yoyamba, a Mawaya, okonza makompyuta, Amake Timba.

Opepesa: a Kalipentala, ali kokhoma denga kutali.

Osabwera: Bambo ake a Timba. Anaitanidwa, koma sanatumize ngakhale mawu.

1. Kutsegula msonkhano

Wachiwiri kwa Wapampando anatsegula ndi pemphero. Wapampando analonjera onse ndipo anati nkhani ya tsikuli ndi imodzi yokha, ya belu la sukulu ndi ngozi ya Timba. Anapempha Amake Timba kuti adikire kaye pabenchi ya pakhonde mpaka ataitanidwa. Anachenjezanso Mlembi kuti ulendo uno adule zolemba zake molingana ndi thupi, osati kusoka mkanjo wokwekwereza pansi ngati mwezi watha. Mlembi anati ayesetsa.

2. Zokambirana za msonkhano wapitawo

Mlembi anawerenga zomwe zinalembedwa. Mwachidule zinali izi. Timba, mtsikana wa zaka zisanu ndi chimodzi wa m'kalasi yoyamba, yemwe sukulu yonse imamutcha dzinali chifukwa cha kuchepa thupi, anagundidwa ndi njinga yamoto pamsewu waukulu mwezi watha akuyesa kubwerera yekha kunyumba ataweruka. Anathyoka mwendo. Komiti inalemba kuti belu loti ana aang'ono aweruke linalira 12 koloko monga mwa masiku onse, ndipo kuti kholo linachedwa kudzatenga mwana. Amake Timba anakana kwamtuwagalu. Anati anasiya zovala za eni ake zomwe ankasita, anafika pageti 12 isanakwane, koma mlonda anawauza kuti belu lalira kalekale ndipo mwana wawo sanamuone. Komiti sinawakhulupirire.

Mlembi atafika pa mawu akuti "kompyuta sinama", onena za kompyuta yomwe imaliza belu, Msungichuma anapempha kuti dzina la amene anawayankhula lidumphidwe. Anakumbutsidwa kuti linalembedwa kale ndi inki.

Wachiwiri, amene pa saluni pake pamadutsa nkhani zonse za m'makomo, anadziwitsa komiti zomwe zachitika kuyambira tsiku lija. Anati Aphunzitsi Aakulu atatchula nkhaniyi pamsonkhano wa makolo onse ngati chitsanzo cha kusasamala, mawuwo anakafika kunyumba asanazizire. Bambo ake a Timba anakachotsa mwana kuchipatala n'kukamusiya kwa mayi awo, ndipo anauza mkazi wawo kuti apite kwa mchimwene wake akaphunzire kaye kulera mwana. Choipitsitsa, mwanayo wakhala akuuzidwa kuti amayi ake anamuiwala. Amake akapita kukamuona, iye amatembenukira kukhoma, ndipo chitulukire m'chipatala sanawayankhuleko ngakhale liwu limodzi.

Wapampando anati sasaina zolemba za mwezi watha mpaka mfundo zotsatira zitamveka.

3. Lipoti la Aphunzitsi Aakulu

Aphunzitsi Aakulu anakumbutsa komiti momwe belu limalirira pasukulu pano. Kale mlonda ndiye ankaliza belu lapamanja poyang'ana wotchi ya pakhoma. Komiti yomwe ino inavomereza kuti ntchitoyo ipite kwa kompyuta ya mu ofesi, imene ili ndi pulogalamu yoliza belu kudzera pa sipika ya pakhonde. Wotchi ya pakhoma inatsala, koma masiku ena inkasiyana ndi kompyuta. Zikatero aphunzitsi ankakwera pampando n'kuikonza kuti ifanane ndi kompyuta, ndipo mawa lake inkapezeka yasiyananso. Atatopa nayo anaitsitsa n'kuiponya m'kabati ya mabuku akale, akuti ndi yakufa.

Anakumbutsanso za lamulo lomwe makolo anachita kuombera m'manja, loti mafoni a aphunzitsi azitsekeredwa m'dirowa mpaka poweruka. Kiyi wa dirowayo amayenda ndi Aphunzitsi Aakulu. Pa tsiku la ngozi iwo anali kumsonkhano wa aphunzitsi aakulu anzawo, kiyi ali m'chikwama, kunja kuli mitambo ndi mvula yowaza, moti pasukulu ponse panalibe munthu wodziwa nthawi kupatula kompyutayo.

Anapitiriza kunena kuti Lachiwiri sabata ino anachokanso, ndipo pobwerera msanga anakumana ndi ana aang'ono ali kale pamsewu, zikwama kumsana, foni yawo ikusonyeza kuti nthawi yoweruka idakali kutali. Anati anabweza anawo, ndipo atalowa mu ofesi anapeza kompyuta ikunena kuti 12 yapitirira. Pomwepo anaimbira a Mawaya.

Pomaliza Aphunzitsi Aakulu anavula magalasi n'kunena kuti kuyambira Lachiwirilo tulo sakutiona, chifukwa pakamwa pomwe panatsutsa mayi uja pagulu ndi pawo.

4. Lipoti la okonza makompyuta

A Mawaya anabwera ndi kompyutayo n'kuiika patebulo. Anati choyamba anayeza kabatire kakang'ono komwe kamasunga nthawi kompyuta ikazima, poti nthawi zambiri vuto limakhala pamenepo, koma anakapeza kali bwinobwino. Chilema chili mu pulogalamu ya belu, ndipo chinabwera ndi apudeti (zosintha zomwe opanga pulogalamu amatumiza pa intaneti) yomwe inalowa yokha kumayambiriro a chaka chatha.

Anafotokoza kuti kompyuta ikakhala osagwiritsidwa ntchito imagona kuti isunge magetsi. Nthawi ya belu ikakwana, pulogalamu imaidzutsa, koma poidzutsapo imawerengera kawiri mbali ina ya nthawi yomwe yagona, n'kukankhira wotchi kutsogolo. Belu lililonse, kaya losintha phunziro kaya lopumira, limawonjezera pang'ono, moti pofika masana wotchi imakhala itathamanga kwambiri. Anaiyerekeza ndi munthu wosinza m'basi amene amadzidzimuka n'kutsika asanafike, akuganiza kuti wapitirira.

Msungichuma anafunsa chifukwa chake chaka chonse palibe anazindikira. A Mawaya anayankha kuti Aphunzitsi Aakulu akakhalapo kompyuta sigona chifukwa amaigwiritsa ntchito, komanso amailumikiza ku intaneti ya pafoni yawo. Ikangolumikizidwa imafunsa nthawi yoona n'kudzikonza mwakachetechete, osauza aliyense. Ndiye chifukwa chake m'mawa wotsatira ngozi ija, komiti itapita kukayang'ana, inapeza wotchi ili yolondola ndipo mayi uja anaoneka wabodza.

Wapampando anati zomva sakhutira nazo, akufuna kuona. A Mawaya anaika belu loyeserera, anagoneka kompyuta, ndipo mamembala anaika mafoni awo patebulo. Podikira, Wachiwiri anagawira anthu tiyi. Belu litalira, onse anasuzumira. Mafoni onse ankanena chimodzi, kompyuta inali yatsogola. Anabwereza kachiwiri ndipo inatsogolanso kuposa poyamba. Wapampando anayang'ana wotchi yawo yapamkono, anayang'ana kompyuta, n'kunena kuti kusitima makina otere akanawatsitsa pa siteshoni yotsatira.

Aphunzitsi a kalasi yoyamba anatumidwa kukatenga wotchi ya pakhoma m'kabati. Anaipeza yadzaza fumbi, batire itatha. Atayiika batire ya mu rimoti inayamba kuyenda, ndipo a Mawaya anati saonapo chilema chilichonse. Mlembi akulemba ndi manyazi kuti wotchi imeneyi komiti inailanga popanda mlandu.

5. Kukambirana

Msungichuma anati nkhani yamveka, ndipo ndi yachisoni, koma madzi akatayika saoleka. Anapempha kuti makina akonzedwe lero lomwe, nkhani ithere m'chipinda muno. Anati akuwadziwa Bambo ake a Timba, ndi munthu wa mtima wapachala, ndipo akangomva kuti sukulu ndiyo inatulutsa mwana nthawi isanakwane adzabwera ndi moto, dzina la sukulu lidzaipa, makolo adzayamba kusamutsa ana. Anafunsanso a Mawaya ngati angalumbire kuti vutoli linachitikadi pa tsiku la ngozi.

A Mawaya anati iwo panalibe, ndiye mphindi zake sangazilumbire. Chomwe akudziwa n'chakuti tsikulo kompyuta inasiyidwa yokha yopanda intaneti, ndipo ikasiyidwa choncho sinalepherepo kuthamanga. Msungichuma anati ndiye kuti umboni weniweni palibe.

Apa Mlembi anazindikira kuti Wachiwiri akhala duu kwa nthawi yaitali, zomwe sizichitikachitika. Atapatsidwa mwayi anati mwana wawo wa m'kalasi yachiwiri tsiku limenelo analowa mu saluni iwo asanatsegule n'komwe wailesi kuti amve nkhani za masana. Anamuseka kuti kodi wathawa, mwana anati belu lalira, nkhani n'kuthera pomwepo. Anati pamsonkhano wa mwezi watha anazikumbukira, koma ataona kuti akuluakulu onse agwirizana, anaganiza kuti mutu wawo ndi umene wasokoneza masiku. Anati mayi uja ankawayang'ana iwo makamaka, ngati mayi mnzake, koma iwo anazolika. Polankhula izi Wachiwiri analira, ndipo Wapampando anaimitsa msonkhano pang'ono.

Utayambiranso, Aphunzitsi a kalasi yoyamba anapempha kuyankhula. Anati nawonso tsikulo anadabwa kuti belu lawapeza phunziro lili pakati, koma anadzidzudzula okha kuti achita chidodo. Anaperekeza ana kugeti. Ambiri amapita ndi azikulu awo kapena amakhala pafupi, ndipo ochepa amene amatengedwa anawakhazika pakhonde n'kuwasiya m'manja mwa mlonda, iwo n'kupita kukalasi ina. Makolo enawo anapeza ana awo akusewera ndipo sanafunse kanthu. Koma Timba, anatero aphunzitsiwo, anali asanadikirepo pakhonde chiyambire sukulu, chifukwa tsiku lililonse belu limalira amake ataima kale pageti. Ataona kuti amake palibe, anachita mantha, ndipo mlonda akutsegulira galimoto iye anazemba kukawafuna. Aphunzitsiwo anati izi ankazidziwa, ndipo anayenera kuzinena mwezi watha, koma ankaopa ntchito.

Wapampando anati anagwira ntchito ya sitima mpaka imvi, ndipo kumeneko lamulo linali lodziwika: sitima ikanyamuka nthawi isanakwane, wotsala pa siteshoni sanachedwe. Anati dzina la sukulu n'lofunika, koma sangaliteteze poponda dzina la mayi amene sanalakwe, ndipo ngati Bambo ake a Timba abwere ndi moto, iwo ndiwo adzakhala patsogolo kuwalandira. Anafunsa Msungichuma ngati akadali ndi ganizo lawo lija. Msungichuma anakanda pamutu, n'kunena kuti iwo amangoopera sukulu, si kuti alibe mtima, ndipo nawonso ali ndi mdzukulu wa msinkhu womwewo. Anabweza ganizolo.

6. Mawu a Amake Timba

Amake Timba anaitanidwa. Analowa atanyamula kajumbo ka zovala za mwana zomwe anachapa, akuti amazipereka pakhomo la apongozi awo Loweruka lililonse. Anakana tiyi. Wapampando anawafotokozera zonse, a Mawaya anawaonetsa momwe wotchi imadumphira, ndipo Aphunzitsi Aakulu anaimirira n'kupepesa, akuti adzabwereza kupepesako pamaso pa makolo onse, pamalo pomwe anawanyozera.

Mayiwo sanakalipe, ngakhale Mlembi akuona kuti akanakalipa palibe akanawaletsa. Anayang'ana kompyutayo nthawi yaitali. Kenako anati masiku apitawa anafika poyamba kudzikayikira okha, kuti mwina foni yawo ndiyo inanama, mwina anachedwadi, poti anthu ophunzira onsewa sangalakwe limodzi.

Wapampando anawafunsa chomwe akufuna kuti komiti iwachitire, ndipo anatchula zoti atha kukakumana ndi amuna awo komanso apongozi awo. Yankho lawo Mlembi walilemba monga momwe linatulukira:

"Akuluakuluwo muwauze kapena musawauze, zili ndi inu. Ine ndikufuna mwana wanga. Iye akudziwa kuti ndinamuiwala, ndipo ine ndikamuuza kuti ndinabwera amatseka makutu. Koma aphunzitsi akewa amawakhulupirira. Akanena kuti chilembo ichi chimalembedwa chonchi, kunyumba sitingamutsutse. Ndiye apite akamuuze ndi pakamwa pawo kuti ndinabwera."

Aphunzitsi a kalasi yoyamba anati apita lero lomwe.

7. Zomwe komiti yagwirizana

(a) Mawu a mwezi watha akuti kholo linachedwa afafanizidwe, ndipo palembedwe kuti sukulu inatulutsa ana nthawi isanakwane. Mlembi afafanize ndi mzere umodzi kuti zoyambazo zizionekabe, tisadzaiwale kuti tinazilemba ndife.

(b) A Mawaya achotse pulogalamu ya belu, adziwitse amene anaipanga za chilemachi kuti sukulu zina zisagwe m'dzenje lomweli, ndipo aletse kompyuta kugona nthawi ya maphunziro.

(c) Belu lapamanja libwerere kwa mlonda, wotchi ibwerere pakhoma. Mawotchi awiri akasiyana, pafunsidwe wachitatu m'malo mongokhulupirira wooneka wodula.

(d) Mafoni azikhalabe m'dirowa, koma kiyi azitsala pasukulu, ndipo mphunzitsi wa pa dyute azikhala ndi foni yake.

(e) Mphunzitsi asachoke pageti mpaka mwana womaliza wa kalasi yoyamba atatengedwa.

(f) Komiti yonse iperekeze Aphunzitsi a kalasi yoyamba ndi Amake Timba komwe kuli mwana, msonkhano ukangotha. Msungichuma anapereka galimoto yawo yonyamulira nyama, n'kutsimikiza kuti yatsukidwa.

8. Zina ndi zina

Mlembi anali ndi nkhani ya mayunifolomu, Msungichuma anali ndi ya mpanda wakumbuyo. Wapampando anati zonsezo zingathe kudikira koma mwana sangadikire. Palibe anatsutsa.

9. Msonkhano wotsatira

Udzachitika Loweruka, 11 Epulo 2026, pamalo omwewa. A Kalipentala auzidwe msanga.

10. Kutseka

Aphunzitsi Aakulu anatseka ndi pemphero. Msonkhano unatha 11 koloko itangopitirira.

11. Zoonjezera, mwa chilolezo cha Wapampando

Wapampando alola kuti Mlembi alembe za ulendowu, poti unali chigamulo cha komiti.

Tinapeza Bambo ake a Timba ali pakhomo akukonza njinga, ndipo atationa tikutsika m'galimoto ya nyama nkhope yawo inachita mdima. Wapampando anawatengera pambali pamodzi ndi agogo ake a Timba, ndipo anawauza zonse osabisa, osakometsa. Moto womwe Msungichuma ankaopa unabweradi. Bamboyo anakalipa, anatitcha mayina omwe sangalembedwe muno, ndipo Wapampando anangoima chipewa chili m'manja mpaka mawu anawathera. Atatha, bamboyo anayang'ana mkazi wawo amene anali ataima patali ndi kajumbo kake. Anangosuntha njinga pakhomo kuti adutse. Za banja lawo si za komiti, ndipo Mlembi sazilemba.

Timba tinamupeza m'chipinda chaching'ono, atagona pabedi, mwendo uli m'chikhakha. Ataona aphunzitsi ake anamwetulira, koma ataona amake kumbuyo kwawo anatembenukira kukhoma monga tinauzidwira. Aphunzitsi anagwada pambali pa bedi n'kumuuza pang'onopang'ono, ngati m'kalasi, kuti tsiku lija belu linalakwitsa, linalira msanga, ndipo amayi ake anafika pa nthawi yawo ya masiku onse n'kupeza iye atapita. Anati anamufunafuna m'mvula mpaka nsapato inaduka. Anati olakwa ndi sukulu, ndiponso iwo eni ake amene anamusiya pakhonde.

Mwanayo anakanda khoma ndi chala. Kenako anafunsa, osatembenuka:

"Ndiye anabwera?"

"Anabwera," anatero aphunzitsi.

Ife akuluakulu tinali titadzazana pakhomo la chipinda ngati ana osuzumira, osadziwa kuti tilowe kapena tituluke. Amake sanasunthe pomwe anaima. Ndiye Timba anagogoda chikhakha chake ndi kachibakera, n'kunena ndi mawu odandaula a mwana amene wasunga dandaulo nthawi yaitali:

"Amama, mukuyabwa muno."

Amake anaponya kajumbo pansi, anathothola kamtengo ku tsache lomwe linali pakona, n'kukhala pabedi. Mwana anawauza kuti atsike pang'ono, ayi osati pamenepo, chakumanzere. Mlembi akuvomera kuti analira, ndipo Msungichuma anatuluka msanga akuti akukayang'ana matayala.

Tinatsanzika kwa eni nyumba. Pomwe tinkakwera galimoto Amake Timba anali asanatuluke, ndipo Wapampando anati tizipita.

Wapampando: ______________________

Mlembi: ______________________